Tsiku Limene Chitedze Sanadye

Singano inali italowa kale, mankhwala atapita, pamene Rehema anazindikira kuti mbaula inali yozizira. Anaima pakati pa khitchini, jakisoni wopanda kanthu ali m'manja, maso ali pa phulusa. Mphaka wake, Chitedze, anadziwongola n'kukakhala pafupi ndi mbale yake yachitsulo monga ankachitira m'mawa uliwonse. M'mbalemo munalibe ngakhale mutu wa usipa.

Rehema anavundukula mapoto onse. Anali otsukidwa bwinobwino, ena atawavundikira kale pathandala. Apa mpamene mutu wake unagwira: linali tsiku loyamba la mwezi wa Ramadhani. Banja lonse linali litadya dakwi, chakudya cha m'bandakucha, ndipo munthu amene akudziwa kuti salawanso kanthu mpaka dzuwa kulowa sasiya mkute. Atatha kupemphera, aliyense anabwerera kukagona, ndipo Rehema tulo tinamunyenga. Usipa wouma ndi mazira zinali m'sitolo kumaso kwa nyumba, koma kiyi anali m'thumba la bambo ake, a Chande, amene anali atatsalira kumzikiti.

Wotchi yapakhoma inkati kwatsala mphindi khumi kuti ikwane seveni. Kusukulu kwawo ochedwa ankatchetcha udzu kuseri kwa makalasi, ndipo kutchetcha pamimba popanda kanthu, tsiku loyamba la kusala, Rehema sankakufuna n'komwe. Anathamangira kuchipinda cha makolo ake n'kugogoda pang'ono.

"Amayi," anaitana motsitsa mawu. "Mukadzuka mumuoneko Chitedze."

"Mmm," anayankha mayi Fatima m'katimo.

Kuyankha kotere Rehema ankakudziwa bwino. Kunali kwa munthu amene wadzuka nkhuku zisanalire kuti aphikire banja, ndipo ukanawauza kuti denga lasasuka akanayankha chimodzimodzi. Ankadziwanso kuti mawu oyenera kunena anali akuti, "Ndamubaya asanadye." Koma sanawanene. Anakonza mpango wake kumutu, anatola chikwama, natuluka liwiro. Chitedze anamuperekeza ndi maso mpaka pakhomo.

Chitedze anali mphaka wokalamba, wa mawanga oyera ndi akuda, khutu limodzi long'ambika pa nkhondo za paunyamata wake. Dzinali analilandira ali kamwana chifukwa aliyense womunyamula ankatsala akudzisisita ngati wadutsa m'tchire la chitedze. Kwa zaka khumi ndi chimodzi ndiye anali mlonda wa sitolo ya a Chande pa Namitete, moti makoswe a pamsikapo ankalambalala khomo limenelo. Anthu ena onse ankawakanda, koma Rehema yekha ankamugonera pamiyendo. Anakulira limodzi awiriwa, ndipo makope ambiri a Rehema anafika kwa aphunzitsi ali ndi zidindo za mapazi a mphaka.

Mvula itangoyamba, Chitedze anayamba kuwonda ngakhale ankadya ngati waganyu. Ankamwa madzi paliponse, m'ndowa, m'bafa, ngakhale m'zithaphwi. Miyendo yakumbuyo inafooka, ndipo makoswe anayambanso kuyenda momasuka. Woyamba kuzindikira vuto anali mayi Anesi, tenanti wochokera ku Mulanje amene ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya kuseri kwa Namitete. Mayiwa ankadwala matenda a shuga. Kunyumba kwawo kunalibe magetsi, choncho mabotolo awo a insulini ankasungitsa mufiriji ya m'sitolomo n'kumatenga limodzilimodzi.

"Mphaka wanuyu ndi mnzanga," anatero tsiku lina. "Taonani nyerere mmene zaunjikanira pamene wakodzapa. Ndi shuga ameneyu."

A Chande anaseka mpaka kapu yawo inapendekeka. "Mphaka n'kudwala matenda a mabwana?"

"Ine mukundiona ngati bwana kodi?" anafunsa mayi Anesi, akuwaonetsa zikhatho zawo zong'aluka.

Rehema analira masiku atatu mpaka bambo ake anagonja. Chitedze analowa m'katoni ya sopo yoboola timabowo, nakwera minibasi ya ku Lilongwe. Pamsika nkhani inamveka paliponse. Ena ankati a Chande zawasokonekera, ena ankati mphaka ameneyo si mphaka wamba. Koma dokotala wa ziweto m'tauni, mayi wamfupi wovala magalasi, atayeza magazi anavomerezana ndi mayi Anesi. Anamuphunzitsa Rehema kutsina chikopa cha kumbuyo kwa khosi n'kulowetsa singano. Pa jakisoni panali timizere, ndipo mankhwala ankayenera kufika pa kamzere kachiwiri basi, m'mawa ndi madzulo.

"Koma lamulo lalikulu ndi ili," anatero dokotalayo, akumuyang'ana Rehema m'maso. "Ayambe wadya. Akapanda kudya, osabaya. Mankhwalawa amatsitsa shuga m'magazi, ndiye akapeza m'mimba mulibe kanthu amamutsitsa mopitirira. Shuga wokwera amapha pang'onopang'ono, koma wotsika amapha tsiku lomwelo."

"Ndidzamusamala ndekha," analonjeza Rehema.

"Wanena wekha pamaso pa adokotala," anatero a Chande. "Ine zala zangazi ndi zonyamulira matumba, ndipo mayi ako akaona singano amayang'ana kumbali. Moyo wake uli m'manja mwako."

Masabata oyambirira Rehema ankakhala chogwada mpaka Chitedze atanyambita mbale, kenako n'kubaya. Koma mphaka wokhuta safuna kugwidwa, ndipo tsiku lililonse pankakhala mpikisano wozungulira matumba a ufa. Posakhalitsa Rehema anatulukira njira yachidule. Mayi ake akamakazinga mazira a kadzutsa, Chitedze ankakhala duu pafupi ndi mbaula, maso ali pachiwaya, moti singano sankaimva n'komwe. Chakudya chinkafika m'mbale mphindi imodzi isanathe, ndiye vuto linali pati? Bambo ake anamupezerera kamodzi n'kumufunsa kuti adokotala anati chiyani. Rehema anapepesa, nalonjeza kuti sadzabwerezanso. Koma manja akazolowera chinthu safunsanso mutu.

Kusukulu tsiku limenelo Rehema sanamve chilichonse. Chaka chino ndi chimene anakonza zosala mwezi wathunthu ngati munthu wamkulu, ndipo anali atauza aliyense wa m'kalasi mwake. Ankayembekezera kuti tsikuli adzayenda monyada. M'malo mwake, m'mimba mukangolira ankaganiza za m'mimba mwa Chitedze. Anadzitonthoza kuti amayi adzuka, amuona akulira, amupatsa chakudya. Pa nthawi yopuma anaganiza zothawa, koma aphunzitsi a masamu anali atakhala pampando pafupi ndi geti. Belu loweruka litalira, anathamanga njira yonse, kukhosi kuli gwa.

Anapeza mayi ake pakhonde lakuseri akusenda chinangwa cha chakudya chamadzulo. Mbale ya Chitedze inali pomwe anaisiya, youma, ntchentche imodzi ikuyendamo.

"Amayi, Chitedze ali kuti?"

"Ndamuona m'mawa akulira pakhomo la khitchini," anayankha mayi Fatima osadzutsa mutu. "Ndamuthamangitsa. Mphaka ameneyu sakhuta, ndimati wangomaliza kumene kudya zimene unamupatsa."

Rehema anafufuza pansi pa bedi, kuseri kwa bafa, pansi pa mtengo wa mango. Anakamupeza m'chipinda chosungira katundu, kuseri kwa matumba a mchere. Chitedze anali atagona cham'mbali, thupi lonse likunjenjemera, dovu likutsika pakamwa. Atamva mawu a Rehema anayesa kuimirira. Anayenda dzandidzandi mapazi atatu, mutu utapendekeka, n'kugwa pasimenti.

"Ababa!" anakuwa Rehema.

A Chande anasiya kasitomala pakauntala n'kulowa. Mayi Fatima anabwera pambuyo pawo, mpeni uli m'manja. Bambowo anagwada, nagwira mphakayo pamimba ndi m'makutu.

"Wazizira," anatero. "Unamubaya m'mawa?"

"Eya."

"Timizere tiwiri?"

"Tiwiri."

"Anadya?"

Rehema anayang'ana bambo ake, kenako mayi ake. Anakumbuka tsiku limene anamupezerera, ndi lonjezo lake. Ankadziwa bwino kuti munthu wosala kudya amasalanso bodza, chifukwa kumadrasa anawaphunzitsa zimenezo sabata yathayo. Koma mantha alibe Ramadhani.

"Anadya," anatero.

Liwulo linatuluka mosavuta moti iye mwini anadabwa. A Chande anagwedeza mutu, natulutsa foni. Anaimbira dokotala wa m'tauni uja. Foni inalira mpaka kuduka yokha. Anaimbanso kawiri, koma sanayankhe. Anayesa mlangizi wa ziweto wa m'deralo. Iye anayankha ali pa njinga yamoto kuti ali ku Kabudula kukatemera ng'ombe, abwera mawa, ndipo za shuga wa amphaka sanaphunzirepo.

"Tipite naye m'tauni," anatero mayi Fatima.

"Minibasi imene ili pasitejipo muli anthu atatu," anayankha a Chande. "Mpaka idzaze, mpaka iime pa Msundwe, iime pa Mpingu, tikafika atatseka. Ndipo mmene alilimu safika."

Onse atatu anangoti kakasi, kuzungulira kanyama kamene kankanjenjemera pasimenti. M'sitolomo munali zinthu zambirimbiri, kuyambira misomali mpaka mafuta odzola, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa choti atenge. Rehema ankadziwa chimene chinachitika, koma chochita sankachidziwa, ndipo nthawi yoti anene zoona inali itadutsa kale. Anangokhala pansi n'kumasisita khutu long'ambika lija.

"Odi kuno! Sitolo yasiyidwa yokha lero?"

Anali mayi Anesi. Anabwera kudzatenga botolo lawo la mankhwala, manja ali bii ndi phula la fodya chifukwa inali nyengo yothyola. Atasuzumira m'chipindamo anasiya nthabwala, nagwada pafupi ndi Rehema. Anamuyang'anitsitsa mphakayo nthawi yaitali.

"Kunjenjemera uku ndikukudziwa," anatero. "Tsiku lina ndinadzibaya m'mawa n'kuthamangira kumunda osadya, poopa akapitawo. Anakanditola pakati pa mizere ya fodya ndikuchita chonchi. Ameneyu shuga watsika. Kodi wadya lero?"

"Wadya," anayankha a Chande. "Rehema anamupatsa asanapite kusukulu."

"Wadya eti?" Mayi Anesi anatembenukira kwa Rehema. Mtsikanayo anayang'ana pansi n'kugwedeza mutu movomera.

"Aa, ndiye sindikudziwa," anatero mayiwo, manja ali lende. "Ngati wadya bwinobwino, watsika bwanji? Kapena wakwera. Inenso ukakwera kwambiri ndimafooka, maso amachita chidima. Kuchipatala amatibaya kachala n'kuona pa makina, koma pano tiona ndi chiyani? Thupi la mphaka si la munthu. Ndisakunamizeni, a Chande."

A Chande anaimirira, nayenda uku ndi uku m'kachipindako. Anali munthu wosazolowera kukhala manja ali m'thumba zinthu zikamawonongeka. Denga likadontha ankakwera yekha, firiji ikafa ankaimasula yekha.

"Tiganize bwino," anatero. "Tisanapite naye m'tauni ankafooka, miyendo inkakana. Atayamba jakisoni anapeza bwino. Lero wadya, wabayidwa, koma wafookanso. Ndiye kuti matenda akula, mankhwala achepa. Tikangokhala chonchi afa tikumuyang'ana."

Anapita kufiriji n'kubwera ndi kabotolo ka Chitedze ndi jakisoni watsopano. Zala zawo zikuluzikulu zinavutika kuchotsa kachivindikiro ka singano. Anakweza kabotoloko kuwindo, natsinzina diso limodzi, n'kukoka mankhwala pang'onopang'ono. Anadutsa kamzere koyamba, kachiwiri, nakaima pa kachitatu. Mayi Fatima anayang'ana kukhoma.

"Bismillah," anatero a Chande. "Rehema, tsina chikopa. Iwe ndi amene umadziwa malo ake."

Rehema anatambasula dzanja. Chikopa cha Chitedze chinakwera mosavuta pakati pa zala zake, chozizira, chopanda mnofu. Pansi pa chikhatho ankamva kamtima kakugunda mofulumira. Mphakayo anatsegula pakamwa ngati akufuna kulira, koma mawu sanatuluke. Singano inayandikira mpaka kukhudza ubweya.

"Ababa, musabaye."

"Gwira bwino, usaope."

"Musabaye, Ababa. Sanadye." Rehema anaphimba khosi la mphakayo ndi manja onse awiri. "Sanadye chilichonse chichokereni dzulo madzulo. Ndinamubaya poyamba, ndimayesa pali chakudya. Ndinapeza mapoto otsuka, sitolo yokiya, ndiye ndinathawira kusukulu. Ndanama."

Kunja wina ankagogoda pakauntala ndi ndalama yachitsulo, koma palibe anamuyankha. A Chande anayang'ana jakisoni anali m'dzanja lawo, kenako anamuika pamwamba pa thumba la mchere mosamala kwambiri, ngati chinthu choti chingaphulike.

"Ndiye zimene unkanong'ona pakhomo m'mawa zija ndi zimenezi?" anafunsa mayi Fatima. "Mwana iwe, ine ndamuthamangitsa ndi tsache akundipempha chakudya."

"Zokalipa mukalipa madzulo," anadula mayi Anesi. "Uchi ulipo m'sitolomu?"

Unalipo, m'mabotolo atatu amene anakhala pashelefu chaka chathunthu osagulidwa. A Chande anatsegula limodzi mwa mabotolowo ndi mano.

"Osamuthira m'kamwa, atsamwa," anatero mayi Anesi. "Viika chala, upake pa nkhama. Pang'onopang'ono. Ine anandipaka shuga wa m'tiyi wa akapitawo, ndi uyu ndili moyo."

Rehema anaviika chala n'kukweza mlomo wa Chitedze. Nkhama zinali zotuwa. Anapaka mbali iyi, napaka mbali inayo. Mano amene anaboola makoswe osawerengeka sanayese n'komwe kumuluma. Mayi Fatima anabwera ndi chitenje chakale n'kumufunditsa. Kenako panalibenso china choti achite koma kudikira.

Kudikira kumeneko kunali kowawa kuposa njala ndi ludzu la tsiku lonse. Mphindi zisanu zinadutsa, kenako khumi. Mwadzidzidzi thupi la Chitedze linauma gwa, miyendo inapalasa m'mwamba, mutu unabwerera kumbuyo. Rehema anafuna kumunyamula koma mayi Anesi anamugwira mkono.

"Musiye, zidutsa. Ungochotsa botolo lili pafupi ndi mutuwo."

Zinadutsadi, koma mphakayo anatsala ali lefu, kupuma kokha kukuoneka patalipatali. Rehema anapakanso uchi, misozi ikugwera pachitenje. Ankafuna kupemphera koma sankadziwa ngati pemphero la munthu amene wanama ali pa swaumu, m'kati mwa kusala, limamveka. Anangobwereza dzina la mphaka wake, mobwerezabwereza, ngati mmene ankamuitanira ali wamng'ono.

Patapita nthawi, lilime la Chitedze linasuntha. Linatuluka pang'ono, linakhudza chala cha Rehema, n'kubwerera.

"Waona?" anatero mayi Anesi. "Dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu. Pitiriza." Anaimirira, mawondo akulira, natenga botolo lawo mufiriji n'kulikulunga m'kansalu konyowa. "Ine ndipite, fodya wandidikira m'chigafa ndipo akapitawo za amphaka sazidziwa. Mawa ndidzamva."

Dzuwa litapendeka foni ya a Chande inalira. Anali dokotala uja, ankati anali m'kati mochita opaleshoni ya galu. A Chande anangopereka foniyo kwa Rehema. Ulendo uno mtsikanayo anafotokoza zonse, kuyambira pa njira yake yachidule ya masabata onse aja mpaka pa timizere titatu timene tinatsala pang'ono kulowa. Dokotalayo anamvetsera osamudula.

"Uzimupakabe uchi pakapita kanthawi," anatero. "Akayamba kumeza bwino umupatse dzira kapena nsomba, pang'onopang'ono. Madzulo ano osabaya, mawa m'mawanso osabaya. Mubwere naye pa minibasi yoyamba."

"Achira, adokotala?"



"Sindingakulonjeze, Rehema. Maola anali ambiri, ndipo ubongo ukasowa shuga nthawi yaitali umavulala. Ena amabwerera mwakale, ena amatsala ndi chilema. Tikaona mawa."

Rehema anabweza foni. Mayi ake anali atapita kukakoleza mbaula, ndipo m'chipindamo anatsala awiri ndi bambo ake. A Chande anatenga jakisoni uja pathumba la mchere, nakankha mankhwala onse kuti atayikire pansi. Anakhala pa kreti ya zakumwa moyang'anana ndi mwana wawo.

"Kuiwala aliyense amaiwala," anatero motsitsa mawu. "Inenso ndinapita ndi kiyi osaganiza kuti m'nyumba muno muli wina amene sasala. Zimenezo ndi zanga. Koma ndinakufunsa, Rehema. Mayi Anesi anakufunsanso. Ukanakhala chete pang'ono pokha, ndikanamupha ine ndi dzanja langali, ndikutchula dzina la Mulungu."

Rehema akanakonda bambo ake akanamukalipira, ngakhale kumukwapula kumene, kusiyana ndi mawu ofatsawo. A Chande anaimirira n'kubwerera kukauntala, pakuti anthu ogula za chakudya chamadzulo anali atayamba kuunjikana pakhonde.

Anakhala yekha ndi Chitedze mpaka kuwala kwa pawindo kunafiira. Kunjenjemera kunachepa, kenako kunatha. Makutu anayamba kufunda. Mayi Fatima anabweretsa dzira lowiritsa lophwanyaphwanya m'mbale yachitsulo ija, naliika pansi, ndipo podutsa anagwira mutu wa mwana wawo. Rehema anatapa pang'ono ndi chala n'kufikitsa pamphuno pa mphakayo. Poyamba sanasunthe. Kachiwiri ananunkhiza. Kachitatu ananyambita, n'kumeza.

Kumzikiti mwazini anayamba kuitanira anthu ku pemphero la polowa dzuwa. Pabwalo lakuseri mayi Fatima anali atayala mkeka, ndipo fungo la chinangwa chotendera ndi tiyi wa mandimu linafika mpaka m'chipinda cha katundu. A Chande anasuzumira pakhomo, m'dzanja muli zipatso ziwiri za tende ndi kapu ya madzi.

"Nthawi yakwana. Masula kusala, mwanangu."

Rehema analandira, namwa madzi pang'ono, koma tende anangozigwira m'manja. Chitedze anali atadzutsa mutu. Anasonkhanitsa miyendo yake pansi pa thupi, nayesa kamodzi, kawiri, n'kuimirira. Chitenje chinatsetsereka pamsana pake.

"Ababa, taonani, waima," ananong'ona Rehema.

Mphakayo anaponda phazi limodzi, kenako lina. Ankayenda molunjika, maso ali otsegula, aakulu ndi akuda. Anayenda choncho mpaka anakagunda mphuno pa thumba la mchere limene linali patsogolo pake penipeni. Anabwerera m'mbuyo modabwa, nakhotera kumanzere, n'kukagundanso mwendo wa shelefu. M'chipinda chimenechi anasakamo makoswe zaka khumi ndi chimodzi, mumdima ndi masana omwe.

A Chande anagwada n'kuyendetsa dzanja patsogolo pa nkhope ya mphakayo. Maso aja sanaphethire.

"Mwina mawa," anatero bambowo, koma mawu awo analibe mphamvu.

"Chitedze," anaitana Rehema. "Chitedze, ndili kuno."

Mphakayo anaimika khutu lake labwino. Analira kamodzi, kulira kosasa, natembenuza mutu kufunafuna mwini mawuwo. Anakhala pansi moyang'ana pakona pamene panali matsache ogulitsa, n'kumadikira kuti Rehema amunyamule.

Rehema anaika tende zake pansi. Anakwawa ndi mawondo pasimentipo, nasuntha matsache aja, n'kukakhala pakonapo, pamene Chitedze ankayang'ana.